Mabedi Awiri Opanda Odwala

Ku Kawale konse, kuyambira pamsika mpaka mumzere wa nyumba zathu, anthu ankanditchula kuti anesi, ndipo ine sindinawatsutsepo ngakhale tsiku limodzi. Unesi wake uti? Ntchito yanga inali yokhala pa risepushoni pa kiliniki ina yapulayiveti ku Area 25, kulemba maina a odwala, kuyankha foni ndi kuwalozera anthu khomo la adokotala. Koma bulauzi inali yoyera, nsapato zoyera, ndipo ndikatsika minibasi madzulo ndinkamveka kafungo ka kuchipatala. Kwa anthu a m'dera lathu zimenezo zinali zokwanira. Dzina langa ndine Dailesi, mwana woyamba wa a Laws, telala amene ankasokera pakhonde la golosale ina pafupi ndi msika. Zimene ndikunenazi zinachitika mu Okutobala 2006, ndipo mpaka lero ndimazinena nkhope ili pansi.

Nesi weniweni analipo, nyumba yake inayang'anizana ndi yathu. Anali a Sisitala Felesita, mayi wamfupi, wosachulutsa mawu, amene anagwira ntchito zaka khumi ndi chimodzi ku ICU ya chipatala chachikulu cha boma, chipinda chija amagonekamo odwala mwakayakaya. Ndinene zoona, sindinkawakonda. Sanandilakwire kanthu ayi. Kungoti ine ndinayesa kawiri konse kulowa sukulu ya unesi osatengedwa, ndipo bambo anga akafuna kuyamikira munthu ankati, "Koma a Sisitala aja, manja awo ndi odala." Mawu amenewo ankandibaya ngati singano ya mashini awo.

Kiliniki yathu nayo inali ndi ICU. Mwini wake, dokotala wodziwika ndithu, anakonza chipinda chimodzi, n'kuikamo mabedi awiri, makatani abuluu, matailosi owala ndi makina ochokera kunja, ena adakali m'mapulasitiki awo. Pa chaka ndi theka chimene ndinagwira ntchito pamenepo, m'chipindamo munagona anthu awiri okha: mayi wina amene malungo anamufooketsa, ndi bambo wina wabizinesi amene ankangofuna kupuma kutali ndi phokoso la kunyumba kwake. Masiku ena onse chinkakhala chokhoma. Koma mukanandimva ndikuchitamanda pampopi! Ndinkati kwathu wodwala amagona yekha ngati bwana, osati kuja kwa boma anthu amathithikana mpaka ena pansi. Ndinkalankhula mokweza dala kuti mawu adumphe msewu.

Tsikulo linali Loweruka, ndipo bambo anadzuka bwinobwino, anasamba, anamwa tiyi. Ali pafupi kunyamuka kupita kokasoka, anangokhala pansi pa sitepe ya khonde. Thukuta linali kamukamu nkhope yonse pamene dzuwa linali lisanayambe n'komwe kuwotcha. Anagwira pachifuwa n'kunena kuti akumva ngati wina wawasanjika thumba la simenti, ndipo dzanja lamanzere lachita dzanzi. Kenako anasanza. Amayi anakuwa, anthu anatuluka m'nyumba zawo, ndipo a Sisitala, amene anali atavala kale yunifolomu kuti azipita kuntchito, anawoloka msewu chothamanga.

Anagwada, anawagwira bambo pamkono, anawayang'ana milomo, n'kuwafunsa mafunso atatu okha. Anatulutsa asipirini m'chikwama chawo n'kuwauza kuti atafune, asameze chabe.

"Uwu ndi mtima," anatero a Sisitala. "Mtsempha watsekeka. Pezani galimoto, tipite nawo kuchipatala kwathu pompano."

Amayi anatembenukira kwa ine. Kwathu kuno matenda ali ndi eni ake. Woyandikana naye nyumba, kaya akhale wodziwa chotani, amangolangiza, koma chonena chomaliza chimachokera kwa abale. Ndipo pabanja pathu wakuchipatala ndinali ine.

"Dailesi, iwe ndiye umadziwa izi," anatero amayi. "Tipite nawo kuti bambo ako?"

Anthu onse a mumzere wathu anali atazungulira, aja ndinkawauza za makatani abuluu. Ndikanati tipite kwa a Sisitala, mawa lake ndikanayenda bwanji pamsewu umenewo? Ndi zimene zinabwera m'mutu mwanga, bambo anga akubuula pa sitepe. Manyazi anga oyamba ndi amenewo.

"Tipita nawo kwathu," ndinayankha. "ICU ilipo, mabedi ali empty, palibe za pamzere."

"Mwanawe," anatero a Sisitala modekha, "ICU yanuyo yaonapo angati a mtima?"

"Makina athu ndi atsopano, Sisitala. Si zokutha zija."

"Sindikufunsa makina. Kwathu mabedi ndi anayi okha, ndipo sazizira, wina akatuluka wina walowa. Koma mwezi uno wokha, odwala ngati awa taona asanu. Maso athu anazolowera, manja anazolowera. Matenda awa safuna munthu woyamba kutsegula buku."

"Pa asanuwo anatuluka amoyo angati?"

Anandiyang'ana kaye. "Atatu."

"Mwamva, amayi? Awiri anapita. Kwathu chitsegulireni sikunafe munthu."

Sindinaname. Mungafe bwanji munthu m'chipinda chosalowa munthu? Koma anthu anang'ung'udza movomereza, ndipo bambo, amene sanafune kuti mwana wawo achite manyazi pagulu, anakweza dzanja pang'ono n'kunena chapansipansi kuti, "Mwana wanga akudziwa. Tiyeni kumene wanenako."

A Adamu, amene ankanyamula njerwa pa pikiapu yawo, anabwera nayo msanga. Tinayala matiresi kumbuyo n'kuwagoneka bambo, mutu uli pamiyendo ya amayi. A Sisitala anapempha kuti tiwatengeko poti njira yopita ku Area 25 imadutsa kufupi ndi kuntchito kwawo. Ine ndinakhala kutsogolo, iwo kumbuyo, atawagwirabe bambo pamkono. Titafika pamphambano yokhotera kuchipatala chachikulu, anamenya denga la galimoto, a Adamu n'kuima. Anatsika n'kubwera pawindo langa.

"Dailesi, geti ndi ilo likuonekalo. Mphindi ziwiri basi. Ndikupempha ngati mayi ako."

A Adamu anandiyang'ana, dzanja lili pa giya, ndipo ndinaona kuti mtima wawo unali woti akhote.

"Tiyeni, a Adamu," ndinatero. "Tikuchedwa."

Ndinawaona pagalasi a Sisitala ataima m'mbali mwa msewu ndi kachikwama kawo, mpaka minibasi ina inawatchinga.

Ku kiliniki anatilandira ngati alendo aulemu. Dokotala mwini malo anali atapita ku ukwati kunja kwa mzinda. Amene analipo anali a Shepherd, kiliniko ofesala wodziwa ntchito yake pa malungo, zilonda ndi matenda a ana, munthu wabwino mtima amene sindimusungira chifukwa. "Bambo ake a Dailesi! Tsegulani ICU!" Kiyi anamufunafuna kwa kanthawi mpaka anapezeka m'dirowa yanga yomwe. Chitseko chitatseguka munatuluka fungo la chipinda chosakhalamo anthu, koma mabedi anali oyera mbee.

Anakoka makina ojambula kagundidwe ka mtima. Nesi wa tsikulo anavutika kumasula mawaya amene anapiringizana, kenako iye ndi a Shepherd anayamba kufunsana kuti wofiira apite mbali iti. Pamapeto pake pepala lalitali la mizere yokhotakhota linatuluka. Nthawi inali hafu naini, ndinayang'ana wotchi chifukwa kulemba nthawi ndiyo inali ntchito yanga. A Shepherd analiyang'ana pepalalo, analitembenuza, analiyang'ananso, kenako analitembenuzanso momwe linalili poyamba. Anayesa kuimbira dokotala, foni siinapezeke.

"Zikuoneka ngati maalasa," anatero. "Zilonda za m'mimba zimapweteka mpaka pachifuwa. Bambo, mumachedwa kudya, eti?"

Telala wake uti amene sachedwa kudya? Bambo anavomera ndi mutu.

Ine ndinaona momwe pepala lija linatembenuzidwira. Sindine nesi, koma ndimadziwa nkhope ya munthu amene akuwerenga ndi nkhope ya munthu amene akungoyang'ana. Ndinadziwa pompo kuti m'nyumba monsemo munalibe wodziwa chimene mizere ija inkanena. A Adamu anali adakali panja, sanazimitse n'komwe galimoto bwinobwino. Ndikanangoti tiyeni tibwerere. M'malo mwake ndinalipinda pepalalo, n'kuliika m'chikwama changa, n'kupita kukawongola makatani.

Anawaika diripi, anawamwetsa mankhwala oyera a m'mimba, anawabaya jakisoni wopha ululu. Bambo anagona tulo. Nditaona akugona ndinadziuza kuti mwaona, a Sisitala amangofuna kudzionetsa, ndipo ndinazikhulupirira chifukwa ndinkafuna kuzikhulupirira.

Cha m'ma leveni abale anayamba kufika. Anatsogola ndi bambo aang'ono, a Yohane, mng'ono wawo wa bambo amene ankakhala ku Biwi, munthu wokonda kulankhula pagulu kuposa kudya. Pambuyo pawo panabwera amayi atatu a kumpingo ndi mafulasiki a phala. Atangoona matailosi aja anavula nsapato pakhomo popanda wowauza. Ankayenda monyang'ama, kunong'onezana, kugwira makatani.

"Koma Dailesi, watichotsa manyazi," anatero bambo aang'ono. "Achimwene agona ngati nduna! Kubala mwana wophunzira n'kumeneku."

Ndinamwetulira n'kuwakokera mipando. Ndinawalongosolera ntchito ya makina aliwonse, ngakhale aja anali m'mapulasitiki, ngati ndinawapanga ndine. Foni yanga inalira kawiri m'chikwama, ndinaona kuti ndi a Sisitala, ndinaisiya. Kenako unabwera uthenga wakuti, "Pepala la mtima ajambula? Likuti chiyani?" Ndinauwerenga n'kubweza foni pamene panali pepala lomwelo. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tsiku limenelo mkuyuwo ndinali ine.

Itangokwana thu koloko bambo anadzidzimuka akubanika. Anayesa kukhala tsonga, mpweya ukukana, milomo itachita phulusa, kukhosi kukumveka ngati madzi akuwira. Makina a pambali pa bedi anayamba kulira, ndipo nesi uja anadina mabatani onse osadziwa loti atani nalo. Anathamangira silinda ya okosijeni, koma sipanala yotsegulira sinaoneke, mpaka a Adamu, amene anali atabweranso kudzazonda, anakatenga yawo m'galimoto. Amayi a kumpingo anayamba kupemphera mokweza. A Shepherd anandikokera pakhonde, malaya awo atanyowa ndi thukuta.

"Dailesi, awa tiwatumize ku chipatala chachikulu. Now now."

"Si munati maalasa?"

"Ndinati maalasa chifukwa maalasa ndimawadziwa," anatero, maso ali pansi. "Chimalizireni sukulu sindinasamalepo wodwala mtima ndi mmodzi yemwe. Pepala lija ndinaliona komaliza pa mayeso. Pepani, sisi."

Ambulansi ya kiliniki inali kugalaja, choncho inali pikiapu ya njerwa yomwe ija, msewu womwe uja, koma mobwerera. Ulendo uno ndinakhala kumbuyo. Bambo ankandiyang'ana, akulephera kulankhula, ndipo ine ndinkayang'ana kumbali. Ndinawaimbira a Sisitala. Sanandifunse chilichonse, anangoti, "Mundipeza pakhomo."

Kuchipatala chachikulu zonse zinali monga ndinkanenera pampopi. Magadiyani anali mbwee pakapinga ndi mabeseni awo, m'makhonde munali anthu ogona pazitenje, fungo lake losasimbika. A Sisitala anali ataima pakhomo ndi machira a matayala ndi anzawo awiri. Bambo asanatsitsidwe n'komwe, iwo anali atatambasula kale dzanja kwa ine.

"Pepala."

Ndinalitulutsa. Analiyang'ana kamodzi kokha, monga munthu amawerengera chikwangwani cha minibasi, n'kumupatsira dokotala amene anali pambali pawo. Nayenso analiyang'ana kamodzi n'kupukusa mutu.

"Linajambulidwa nthawi yanji?" anafunsa a Sisitala.

"Hafu naini."

Anakweza maso kuyang'ana wotchi ya pakhoma. Inali itatsala pang'ono kukwana fili koloko. Anatembenukira kwa bambo, ndipo kukanakhala bwino akanandimenya mbama.

Mabedi onse anayi a ku ICU anali ndi anthu. Bambo anadikira pakhonde pamachira paja kwa mphindi makumi anayi, pamene ankakonza zosamutsira kuwodi mayi wina amene anali atayamba kupeza bwino. Kuchuluka kwa odwala kuli ndi zowawa zake, zimenezo ndinaziona ndi maso anga. Koma pakhonde pomwepo okosijeni inali pamphuno, jakisoni wochotsa madzi m'mapapo anali atalowa, ndipo panalibe wofunsa mnzake kuti waya wofiira apite kuti. Atawalowetsa ndinasuzumira chitseko chisanatsekeke. Makina ake anali akale, ena omata ndi pulasitala, makatani osuluka. Anesi ankapatsana zinthu osalankhula, wina akangotambasula dzanja mnzake wadziwa kale chofunika.

Cha m'ma faifi mtima wa bambo unaima, ndipo anaudzutsa ndi makina amagetsi. Anagona momwemo. M'mawa mwake Lamulungu anatsegula maso, anawazindikira amayi, anafunsa ngati wina wakatenga mashini awo kugolosale kuja kuti angabedwe. Nthawi ya teni, anthu ali m'matchalitchi, bambo anatisiya.

A Sisitala sinali tsiku lawo logwira ntchito, koma anali atabwera. Anandipeza pabenchi panja, amayi atatengedwa kale ndi abale akulira. Anakhala pambali panga n'kuvula nsapato imodzi, phazi lawo linali lotupa. Ndinawafunsa funso limene ndinkafuna kuti andinamize.

"Tikanabwera m'mawa muja, akanachira?"

"Ine si Mulungu, Dailesi. Ena timawalandira msanga koma amapitabe. Ndinakuuza ndekha, pa asanu awiri anapita." Anapuma kaye. "Koma mtsempha ukatsekeka, mnofu wa mtima umafa pang'onopang'ono, ola ndi ola. M'mawa muja panali mtima woti tiugwirire ntchito. Masana munatibweretsera wotsala."

Ndinalira mpaka mamina. Iwo sananditonthoze, komanso sanachoke. Pomaliza anavala nsapato yawo n'kunena kuti, "Za pepala lija sindiuza munthu. Amayi ako ali ndi katundu wokwanira."

Mwambo wa maliro unachitikira pakhomo pathu ku Kawale Lachiwiri m'mawa, thupi lisananyamuke kupita kumudzi ku Ntcheu. Msewu unatsekedwa ndi nthambi, anthu anadzaza mpaka pakhonde la a Sisitala. Iwo anapempha tchuthi kuti adzaimbe ndi anzawo a Mvano, gulu la amayi a kumpingo, ndipo anakhala pakati pawo atavala bulauzi yoyera ndi duku loyera. Ine ndinakhala pamphasa pafupi ndi bokosi, pambali pa amayi.

Pamaliro pamaimirira munthu woimira banja kuti afotokozere anthu momwe malemu anadwalira mpaka kumwalira. Zimene wanena iyeyo ndi zimene anthu amatenga kupita nazo kwawo, ndipo palibe amaimirira kumutsutsa. Kwathu anaimirira ndi bambo aang'ono, a Yohane, atavala jekete la bambo lomwe. Anathokoza mpingo, anathokoza a Adamu chifukwa cha galimoto, kenako anakonza kukhosi.

"Achimwene anadwala Loweruka m'mawa. Mwana wathu Dailesi, amene monga mukudziwa ndi nesi, sanachedwe. Anawatengera ku chipatala chapamwamba kumene amagwira ntchito. Ine ndinafikako, ndinaona ndi maso angawa. Achimwene anali m'chipinda chaokha, akugona tulo tabwino, ululu utatha. Koma poti zipatala zazing'ono zili ndi malamulo ake, masana anatitumiza ku chipatala chachikulu." Anaima kaye kuti mawu alowe. "Abale anga, kumeneko munthu wodwala chonchija anamugoneka pakhonde. Pakhonde! Titangofika kumeneko ndi pamene zinthu zinavuta. Sindikuloza munthu chala, Mulungu ndiye akudziwa. Koma iwe Dailesi, mwana wanga, usadandaule. Iwe mbali yako unachita."

Anthu anang'ung'udza. Ndinamva mayi wina kumbuyo akuti, "Kuja n'kokafera basi." Mitu ingapo inatembenukira kumene kunakhala a Mvano, ndipo mayi amene anali pafupi ndi a Sisitala anasendeza chitenje chake pang'ono. A Sisitala anangoyang'ana m'buku lawo la nyimbo. Itafika nthawi yoimba anaimba ndi anzawo, mawu awo osanjenjemera.

Ine ndinaweramitsa mutu, ndipo anthu ankayesa ndi chisoni. Chisoni chinalipo, koma chimene chinandipinda khosi chinali manyazi. Choipa kwambiri n'chakuti pansi pa manyaziwo ndinamva kampumulo. Nkhani inali itanenedwa pagulu ndi woyenera kuinena, a Sisitala anali atalonjeza kukhala chete, a Shepherd sakanabwera ku Kawale kudzadziulula. Ndikanatha kukhala anesi mpaka kukalamba.

Mapemphero atatha, amuna ananyamula bokosi kukakweza mulole. Amayi anali atatsamira paphewa langa, dzanja lawo lili m'dzanja langa, tikudikira kuti atiitane tikakwere. A Mvano ankasonkhanitsa nkhata za maluwa, ndipo a Sisitala anali chapafupi pomwepo atanyamula ziwiri. Pamenepo anabwera amake Pamela, mayi wogulitsa tomato amene ankakhala kuseri kwa nyumba yathu. Anagwada patsogolo pathu, anapepesa amayi, kenako anatembenukira kwa ine.

"Anesi, pepani kukuvutitsani pa tsiku ngati lino. Bambo a kunyumba kwanga sabata yonseyi akudandaula pachifuwa, akangokwera kachitunda thukuta lokhalokha, dzanja kuchita dzanzi. Lero alephera n'kubwera komwe kuno. A Sisitala anandiuza dzana kuti ndipite nawo kuchipatala kwawo, ndipo ndimati ndipite nawo masana ano. Koma ndi zimene ndamva apazi, ayi, ndaopa. Ndipita nawo kwanu kuja. Mungandilembere kakalata kuti akatilandire bwino?"

Ndinaona a Sisitala ataima chilili ndi nkhata zija. Sanandiyang'ane. Anali atalonjeza, ndipo ndinadziwa kuti asunga lonjezo lawo. Akanayesa kuwaletsa amake Pamela, ndani akanawamvera tsiku limenelo, bambo aang'ono atalankhula chomwechija? Lole inali italiza kale injini.

"Musapite nawo kwathu," ndinatero.

"Mwati bwanji, anesi?"

"Ine si nesi, amake Pamela. Ndimalemba maina pakhomo." Mawu anatuluka okwera kuposa momwe ndinkafunira, ndipo amayi amene anali pafupi anasiya kulankhula. "Kwathu kuja kulibe amene anasamalapo wodwala mtima. Bambo anagona maola asanu akumwa mankhwala a m'mimba. A Sisitala anandiuza pakhomo pano, anandiuzanso pamsewu, geti likuoneka, ine ndinakana. Pitani nawo kwa a Sisitala, panopa, musadikire masana."

Amake Pamela anayang'ana ine, anayang'ana a Sisitala, kenako anadzuka n'kuthamangira kuseri kwa nyumba, chitenje chili m'manja. A Sisitala anapatsira mnzawo nkhata zija n'kuitana a Adamu kuti asendeze pikiapu.

Amayi anadzutsa mutu paphewa panga. Maso awo anali otupa, ndipo anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Iwe unadziwa liti kuti kumene kuja sakudziwa?"

"Hafu naini, amayi."

"Tili m'chipinda muja? A Adamu ali panja?"

"Inde, amayi."

Sanakuwe, sananditukwane. Anachotsa dzanja lawo m'dzanja langa pang'onopang'ono, n'kuligwiritsa pansi kuti adzuke okha. Nditafuna kuwathandiza anatembenukira kwina.

"A Sisitala," anaitana amayi, "musanapite, bwerani mundigwire ndikwere galimoto."

A Sisitala anabwera, anawagwira m'khwapa n'kuyenda nawo mpaka palole. Ine ndinatsatira pambuyo ndekha, anthu akundipatukira njira. Ndinakwera komalizira n'kukhala kumiyendo kwa bokosi, ndipo kuchokera ku Kawale mpaka ku Ntcheu amayi sanayang'ane mbali yanga.